Masiku atatu pa njinga m'mapiri a Dedza

Pa mapu, dera lomwe lili pakati pa boma la Dedza ndi mishoni ya Mua ndi laling'ono moti munthu angathe kuliphimba ndi chala chimodzi. Wapagalimoto amanyamuka atamwa tiyi n'kukafika dzuwa lisanafike pamutu. Koma anthu asanu ndi atatu omwe adanyamuka pa Dedza m'mwezi wa Julayi, aliyense atamangirira zofunda, chakudya ndi madzi pa njinga yakapalasa, adatha masiku atatu ali panjira. Adasankha dala misewu yafumbi ndi yamiyala, ndipo adayamba akhotera ku Chongoni asadatsikire kuchigwa.

M'maiko ena, monga ku South Africa, ulendo wotere ndi masewero omwe anthu amagulira njinga zopepuka ndi zikwama zosokedwa mwapadera. Kwa mlimi wa ku Dedza, munthu wopalasa njinga yolemedwa ndi katundu si nkhani ayi, ndiwo moyo wa tsiku ndi tsiku. Chachilendo pa gululi chidali chakuti ambiri mwa iwo adali anthu a m'tauni, omwe njinga adaisiya kalekale ali pasukulu. Padali namwino, aphunzitsi awiri, mayi wochita bizinesi ya nsalu, mnyamata wa kukoleji, ndi bambo wina wa mu ofesi ya bungwe la chitukuko ku Lilongwe, yemwe ntchito yake ndi kulemba ndondomeko ya maulendo a alangizi a kumidzi. Ozolowera njinga adali awiri okha: mayi mlangizi wa zaulimi, ndi mmisiri wokonza njinga, mbadwa ya komweko ku Dedza, yemwe adatsogolera ulendowo.

Katundu achepe

Madzulo a tsiku loti mawa anyamuka, mmisiri uja adaiyendera njinga iliyonse. Adazungulitsa mawilo n'kumamvetsera ngati pali sipoko yomasuka, adafinya mabuleki, adathira mafuta m'matcheni, ndipo adakweza zishalo zomwe zidali zotsika kwambiri, popeza chishalo chotsika chimapweteketsa mawondo pa chitunda. Njingazo zidali zosiyanasiyana. Zina zidali za magiya zogula pa kaunjika, ziwiri zidali zobwereka, ndipo imodzi idali yakuda, yolemera, yopanda magiya, yomwe adakwera mmisiriyo mwini wake.

Atatha apo adauza aliyense kuti akhuthulire katundu wake pa mkeka. Nsapato zapadera, mabuku, mpando wopinda ndi mapoto owonjezera zidabwezedwa. Zomwe zidatsala ndi bulangete, juzi, tochi, mabotolo awiri a madzi ndi neti yoteteza ku udzudzu. Ena adaseka za netiyo poona momwe kudazizirira, koma mmisiriyo adangoti aisunge. Ufa, mchere, shuga, masamba a tiyi, mtedza ndi usipa adagawana, chimodzimodzi matenti atatu. Zida zokonzera zidali pampu, machubu apadera, zigamba ndi guluu wake, sipanala, pulayala, mawaya a mabuleki ndi mphira zake. Zolemera adazimanga m'munsi, mbali zonse ziwiri za keliyala, ndi zingwe zodula ku machubu akale, chifukwa katundu womangidwa pamwamba amapepetsa njinga pokhota.

Malamulo adali atatu. Palibe wopitirira wotsogolera. Palibe wotsalira kumbuyo kwa mayi mlangizi, yemwe adapatsidwa udindo wotseka mzere. Pa mphambano iliyonse onse aziima mpaka womaliza afike, ndipo womalizayo apume kaye asadanyamukenso.

Tsiku loyamba: msewu wa ku Chongoni

Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo palibe tauni ina m'Malawi yokwera kuposa iyi. Kumbuyo kwake kuli phiri la Dedza, lomwe nsonga yake ndi mamita 2,198. M'mwezi wa Julayi kumacha ndi chifunga, ndipo zala zimachita dzanzi pa mahandulo. Gululo lidanyamuka litavala majuzi awiriawiri, lidadutsa pafupi ndi malo oumbira mbiya ndi mbale a Dedza Pottery, kenaka lidalowa msewu wafumbi wolowera kumpoto, ku nkhalango ya Chongoni.

Phunziro loyamba lidabwera ola lisadathe. Msewu wafumbi ukauma umachita timizere topingasa ngati malata, tomwe timadza chifukwa cha matayala a galimoto. Njinga ikalowa m'timizereto imanjenjemera mpaka mano kugundana. Atsopanowo adagwira mahandulo mwamphamvu, ndipo posakhalitsa mapewa adayamba kuwawa. Mmisiriyo adaimitsa gulu, adaphwetsako pang'ono matayala omwe adali olimba kwambiri, n'kuloza m'mbali mwa msewu. Mudali kanjira kosalala, kopapatiza ngati chikhatho, komwe njinga za eni dera zidapondaponda kwa miyezi yambiri. Kanjirako kamazemba miyala, kamadutsa pomwe mchenga uli wochepa, nthawi zina kamaoloka msewu n'kupita tsidya lina popanda chifukwa chooneka, koma chifukwacho chimaoneka patsogolo pang'ono. Kuyambira pamenepo gulu lonse lidatsata kanjirako, ndipo ulendo udapepuka.

Chitunda choyamba chachikulu chidawagawa. Mnyamata wa kukoleji adakwera mothamanga n'kukadikira pamwamba akuimba mluzu. Aphunzitsi awiri aja adaiwala kusintha magiya chitunda chisadayambe, ndipo atayesa kusintha ali pakati, tcheni ya mmodzi idagwa. Mayi wa bizinesi adatsika n'kuyamba kukankha, nkhope ili pansi ndi manyazi. Apo mmisiriyo, yemwe akadatha kukwera, adatsikanso n'kumakankha yake pambali pawo.

"Mayi, musadandaule," adatero. "Kuno aliyense amakankha. Chitunda sichiona nkhope."

Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Tayala limodzi lidaphwa chifukwa cha minga, ndipo mmisiriyo sadalimate yekha. Adaonetsa namwino momwe amapezera bowo poviika chubu m'madzi, momwe amapalira malowo, ndi kudikira kuti guluu aume pang'ono chigamba chisadaikidwe. Adamuuzanso kuti ayendetse chala m'kati mwa tayala kufunafuna munga womwe udatsalamo, chifukwa woiwala zimenezi amamata kawiri.

Zojambula za makolo

Masana adafika m'dera la Chongoni, komwe kulinso koleji ya boma yophunzitsa za nkhalango ndi nyama zakutchire. Njinga adazisiya m'munsi n'kukwera wapansi kupita ku mapanga a Chentcherere, motsogozedwa ndi munthu wa m'deralo. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika derali m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Zojambula zofiira, za mizere ndi timadontho, ndi za Akafula, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso omwe adakhala kuno alimi asadafike. Zoyera, zopakidwa ndi dothi loyera, ndi za Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Zina mwa izo zidajambulidwa m'zaka za m'ma 1900 momwemu.

Aphunzitsi aja adaima nthawi yaitali osalankhula. Onse awiri adaphunzitsapo ana za malowa kuchokera m'buku, koma sadafikepo. Chidawapweteka mtima ndi maina a anthu olembedwa ndi makala ndi choko pamwamba pa zojambula zina. Wowatsogolerayo adawakumbutsa kuti zojambulazo sazigwira ndi manja, sazithira madzi pofuna kuti zioneke bwino pa chithunzi, ndipo m'phanga sasonkhamo moto.

Dzuwa litapendeka, gululo lidalowa m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nkhalango. Mmisiriyo ndi mayi mlangizi adatsogola kupita kwa nyakwawa, ena onse atatsika panjinga.

"Odi kuno!"

"Odini, fikani."

Atakhala pansi n'kupatsana moni, mmisiriyo adawomba m'manja. "Zikomo mfumu. Ife ndife alendo, tikuchokera pa boma, mawa tilowera ku Bembeke. Tikupempha pogona usiku umodzi wokha."

Mfumuyo idafunsa komwe aliyense amachokera, idaseka itamva kuti akuyenda popanda chogulitsa, kenaka idawalozera bwalo la pafupi ndi mjigo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amayi a pamudzipo adabwereka alendowo mafuwa ndi mthiko, ndipo nsima itapsa padabweranso mbale ya mfutso yomwe palibe adaitanitsa. Gululo lidagula nkhuni ndi mazira pamudzi pomwepo. Usiku kudazizira koopsa, ndipo omwe adadandaula za kulemera kwa bulangete masana sadalankhulenso.

Tsiku lachiwiri: zitunda zitatu ndi mtsinje umodzi

M'mawa mwake miyendo idali yolemera ngati mitondo. Adabwerera cha ku boma, adayenda pang'ono m'mbali mwa msewu waukulu wa M1, womwe m'dera lino umatsata malire a Malawi ndi Mozambique moti nyumba za tsidya lina la msewu zili m'boma la Angónia, kenaka adakhotera kum'mawa, ku Bembeke. Kuno ndi kwawo kwa mbatata ya kachewere. M'madimba mudali mobiriwira ndi kachewereyo, kabichi, nsawawa ndi anyezi, pamene m'minda ya kumtunda mudatsala mapesi okhaokha. M'mbali mwa nyumba mudali mitengo ya mapichesi yopanda masamba.

Pa chitunda china chachitali, bambo wa mu ofesi uja adatsalira. Katundu wake adali bulangete, tenti ndi ufa pang'ono, koma mtima unkagunda ngati ng'oma. Adatsika n'kumakankha, mayi mlangizi ali pambuyo pake monga mwa lamulo. Apo adapeza mlimi wina akukankha njinga yomangidwa matumba awiri a kachewere, limodzi pa keliyala, lina litapingasa pakati pa felemu. Mwana wake wamwamuna ankakankha kumbuyo. Akafuna kupuma, mwanayo ankaika mwala kuseri kwa tayala.

"Mwaswera bwanji, bambo?" adatero wa mu ofesiyo, mawu akudukaduka.

"Taswera bwino, kaya inu achikulire? Nanga ulendo wa kuti ndi katundu wochepa chonchi?"

"Tikungoyenda, kuona dziko."

Mlimiyo adayang'ana mwana wake, onse awiri n'kuseka. Wa mu ofesiyo adafunsa kuti kuchokera kumunda kwawo kukafika pomwe amagulitsira ndi makilomita angati.

"Makilomita sindiwadziwa ine," adayankha mlimiyo. "Ndi zitunda zitatu ndi mtsinje umodzi. Chino n'chachiwiri."

Adafotokoza kuti m'chilimwe malole a ogula amalowa mpaka pafupi ndi madimba, koma mvula ikagwa msewu umaterera, malole amaima kutali, ndipo mlimi amasankha pakati pa zinthu ziwiri: kugulitsa pamtengo womwe wogula mmodzi wolimba mtima wanena, kapena kusenza yekha mpaka ku phula. Kachewere wogubuduzika m'thumba pa msewu wa mabampu amasupuka khungu, ndipo wosupuka sachedwa kuola, choncho mtengo wake umatsikanso. Mtsinje ukadzaza, thumba amalitsitsa, kuliolotsa pamutu, n'kubwereranso kukatenga njinga.

Wa mu ofesiyo adakhala chete. Kwa zaka zingapo iye ankagawira alangizi midzi poyang'ana mapu ndi kuwerenga makilomita. Mlangizi wa kuchigwa ndi wa kumapiri ankawapatsa midzi yofanana pa sabata, ndipo wa kumapiri akalephera kukwaniritsa, lipoti linkati ndi waulesi. Ena mwa malipotiwo adawasaina yekha. Adacheuka kuyang'ana mayi mlangizi, koma mayiyo adali kalikiliki kumwa madzi, maso ali kuphiri.

Namwino naye adali ndi zake zoganiza. Pa msewu womwewo ndi pomwe alangizi a zaumoyo amadutsa ndi bokosi la katemera, lomwe liyenera kufika lisadatenthe. Ndi pomwenso mayi woyembekezera amadutsa pa ambulansi ya njinga matenda akayamba usiku. Iye adazolowera kufunsa odwala kuti adachedweranji kubwera kuchipatala. Tsiku limenelo adaliona yekha yankho la funsolo.

Mdani wa msewu ndi madzi

Misewu yolembedwa m'kaundula wa boma m'Malawi ndi yotalika makilomita opitirira 15,000, koma ya phula ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Pamwamba pa imeneyi palinso njira zambirimbiri za m'midzi. Mu 2006 Nyumba ya Malamulo idavomereza malamulo okhazikitsa mabungwe a Roads Authority ndi Roads Fund Administration, ndipo ndalama zambiri zokonzera misewu zimachokera ku msonkho wa pa mafuta a galimoto. Komabe giledala sifika paliponse chaka chilichonse, ndipo pakati pa ulendo wake umodzi ndi wina, msewu wa kumudzi umakhala m'manja mwa anthu omwe amakhala m'mbali mwake.

Woyenda pa njinga amaona bwino chomwe chimapha msewu, popeza amayenda pang'onopang'ono ndipo dzenje lililonse amalimva m'thupi. Mayi mlangizi adayamba kuonetsa anzakewo malo osiyanasiyana. Pomwe msewu udali wokwera pakati ngati msana wa ng'ombe, ndi ngalande zotseguka mbali zonse, pamwamba pake padali posalala ngakhale padali potsetsereka. Pomwe ngalande zidakwiririka, madzi a dzinja lapitalo adasandutsa msewuwo mtsinje, n'kukumba chigwembe chofika m'mawondo pakati penipeni. Pena mlimi adalima mpaka m'ngalande pofuna kuwonjezera mizere iwiri. Pena mizere idalunjika kumunsi m'malo mopingasa chitunda, ndipo dothi lonse la m'mundamo lidakatseka kalavati. Mlimiyo adataya chonde, mudzi udataya msewu.

Adaonanso malo ena pomwe anthu adagwirizana. Ngalande zidali zopalidwa, tingalande topatutsa madzi tidakumbidwa motalikirana bwino kulowera kutchire, m'ngalande zotsetsereka mudali timipanda ta miyala tochepetsa liwiro la madzi, ndipo m'mphepete mwa minda mudali mizere ya udzu wa vetiva. Ntchito yonseyo ndi ya khasu, fosholo ndi wilibala, yogwirika mvula isadayambe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo msewu sukonzeka ndi khomo limodzi, chifukwa madzi omwe wakumtunda wawalekerera amakagumula kwa wakumunsi.

Madzulo adafika ku Bembeke, komwe ansembe a chipani cha White Fathers adatsegula mishoni mu 1910, ndipo lero ndi komwe kuli tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Dedza. Kulinso koleji ya aphunzitsi ndi malo a boma ofufuzira za mbewu. Atapempha chilolezo, adamanga matenti m'mbali mwa bwalo la sukulu ina ya pulayimale. Usiku umenewo nkhani zidachepa. Aliyense adadya nsima yoposa muyeso wake wa kunyumba, n'kugona nthawi yomwe ku Lilongwe akadakhala akumvera nkhani pa wailesi.

Tsiku lachitatu: Khwekhwelere

Atsopano onse ankayembekezera tsiku lachitatu mwachimwemwe, poganiza kuti kutsika ndi kupuma. Mmisiriyo sadagwirizane nawo. Asadanyamuke adayenderanso mabuleki onse, adasintha mphira ziwiri zomwe zidatha, ndipo adalankhula motalikirapo kuposa masiku ena onse. Potsika, thupi libwerere kumbuyo kwa chishalo. Mabuleki agwidwe onse awiri, mofinya ndi kutaya, osati kungokakamira, chifukwa mphira ikakhuza limu nthawi yaitali limulo limatentha, buleki imafooka, ndipo chubu chingathe kuphulika. Liwiro lichepetsedwe munthu asadafike pokhota. Pa miyala yoyoyoka, buleki ya kutsogolo isagwidwe modzidzimutsa.

Adatsata njira za m'midzi zolowera kummwera, zomwe zimakatulukira pa msewu wochokera pa Masasa kupita ku Golomoti. Pa mtsetse wina wamiyala, mnyamata wa kukoleji adaphwanya lamulo loyamba. Adapitirira wotsogolera, adafika pokhota ali pa liwiro, adaona mbuzi, n'kufinya buleki ya kutsogolo ndi mphamvu zonse. Tayala lidaterereka, ndipo iye adagwera m'ngalande, njinga ili pamwamba pake. Chipewa cholimba chomwe adavala chidang'aluka, koma mutu udapulumuka. Chigongono ndi bondo zidasupuka kwambiri.

Namwino adatsuka mabalawo ndi madzi owiritsa a m'botolo, adachotsa timiyala, n'kumanga bandeji. Adamufunsa dzina lake, tsiku, ndi komwe ali, pofuna kutsimikiza kuti mutu uli bwino. Wilo la kutsogolo lidapindika. Mmisiriyo adaligoneka pansi, adaliponda mosamala kuti libwerere, kenaka adakhala pamwala n'kumakunga masipoko imodziimodzi mpaka wilolo lidazungulira osakhuza mabuleki. Sipoko ziwiri zomwe zidaduka adakazipeza kwa wokonza njinga wina pansi pa mtengo wa bulugamu, pa kamsika ka patsogolo pang'ono. Maola awiri adapita. Palibe adamukalipira mnyamatayo, ndipo kuyambira pamenepo iye adayenda pambali pa mayi wa bizinesi, yemwe masiku onse adali womaliza koma sadagwepo.

Atatulukira pa phula, dziko lidatseguka patsogolo pawo. Kumunsi kudali chigwa cha Bwanje, ndipo patali, mopyola utsi wa moto wa kutchire, nyanja ya Malawi inkanyezimira. Msewu wa Khwekhwelere umatsika phiri mokhotakhota ngati njoka, ndipo kuchokera kumtunda kukafika kuchigwa munthu amatsika mamita pafupifupi 1,000. Ndi msewu womwe madalaivala amauopa, chifukwa galimoto zolemera zikatha mabuleki pamenepa ngozi yake imakhala yoopsa. Gululo lidatsika motalikirana, kumanzere kwenikweni, n'kumaima pakapita kanthawi kuti malimu azizire. Mmisiriyo ankagwira limu lililonse ndi chala asadalole kuti apitirire. M'malo otsetsereka kwambiri, awiri adasankha kutsika n'kuyenda wapansi, ndipo ena adawadikira.

Majuzi adavulidwa limodzilimodzi. Mitengo ya paini ndi bulugamu idatsala kumtunda, m'malo mwake mudabwera mitengo yachilengedwe ya m'mapiri ndi nsungwi, kenaka milambe. Mphepo yomwe inkawomba kumaso idasanduka yofunda. Panjira adakumana ndi anthu akukankha njinga kukwera phiri lomwelo, ena atanyamula nsomba zouma, ena mpunga, thukuta lili kamukamu. Moni yemwe atsopanowo ankapereka tsopano adali wosiyana ndi wa tsiku loyamba.

Patsinde pa phiri adasiya phula n'kulowa msewu wafumbi wolowera kumpoto. Kuno vuto lidali mchenga. Tayala la kutsogolo likalowamo limakana kulunjika, ndipo wopalasa akaleka kupalasa amagwa. Akuluakulu adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo gululo lidadutsa malo amchengawo mothithikana, wina akatitimira onse n'kuima.

Pa Mua

Adafika pa Mua dzuwa litafiira. Mishoniyi idatsegulidwa mu 1902 ndi ansembe a White Fathers, ndipo ili patsinde pa mapiri, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Ansembe oyambawo ankakwera mapiri omwewa kupita ku Bembeke kukapuma ku kutentha ndi malungo a kuchigwa, pa nthawi yomwe kudalibe phula. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, adayambitsa pamalopa likulu la zachikhalidwe ndi zosemasema la KuNgoni. M'nyumba yosungira zakale ya Chamare muli zipinda zofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, pamodzi ndi zigoba zambirimbiri za gule wamkulu. Aphunzitsi aja, omwe dzana lake adaona zojambula zoyera m'mapanga a Chentcherere, adapeza pano kufotokoza kwa zina zomwe adaziona.

Usiku umenewo mabulangete adasanduka mitsamiro, ndipo maneti omwe adasekedwa pa Dedza adapachikidwa onse. Asadagone, mmisiriyo adauza aliyense kuti apukute tcheni ya njinga yake n'kuithira mafuta, ngakhale ulendo udali utatha. Njinga ziwiri zidali zobwereka, ndipo eni ake ankazifuna pa ntchito Lolemba.

M'mawa mwake adakweza njinga pa lole yopita kumtunda. Phiri lomwe adalitsika theka la tsiku, loleyo idalikwera mosakhalitsa. Pa kona ina adapitirira bambo wachikulire akukankha njinga ya matumba a mpunga, mwala woikira kuseri kwa tayala uli pamwamba pa katundu. Onse a m'lolemo adamuyang'ana mpaka adabisika, ndipo aliyense ankadziwa kuchuluka kwa makona omwe adamutsalira.

Patapita masabata angapo, bambo wa mu ofesi uja adaitanitsa alangizi a m'dera lake asadalembe ndondomeko ya chaka chotsatira. Adayala mapu patebulo monga mwa nthawi zonse, koma ulendo uno adapempha mlangizi aliyense kuti anene yekha maola omwe amatenga kukafika m'mudzi uliwonse, m'chilimwe ndi m'dzinja. Wa kumapiri adachepetseredwa midzi ya pa sabata. M'ndondomeko ya ndalama mudalowa machubu, mphira za mabuleki ndi malipiro a wokonza njinga, zomwe kale alangizi ankalipira kuchokera m'thumba mwawo. Pa pepala latsopanolo, pambali pa dzina la mudzi uliwonse, adawonjezerapo mipata iwiri yomwe kale padalibe: wina wolembamo zitunda, wina wolembamo mitsinje yosaoloka mvula ikagwa.